Moyo pa Chingwe: Zimene Akatswiri Okwera Mitengo Angatiphunzitse

Mvula yoyamba ikayandikira ndipo mphepo ikayamba kukuntha, makomo ambiri amayamba kuyang'ana m'mwamba. Bulugamu amene anabzalidwa kuti atchinge mphepo wapitirira denga, nthambi yake ina yaweramira pamalata. Mango a kuseri kwa khitchini afika pa waya wa magetsi. Zikatero timaitana mnyamata uja wodziwika kuti saopa patali. Iye amavula nsapato, kukoleka chikwanje m'chiuno, n'kuyamba kukwera, ife tili pansi kumulozera poti adule. Za malipiro timakambirana mpaka kugwirizana. Koma pali funso limene kawirikawiri silifunsidwa: phazi lake likaterereka, kapena nthambi imene wapondayo ikathyoka, chimugwire n'chiyani?

Ku Ulaya, ku America ndi ku Australia kuli anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kusamalira mitengo ya m'mizinda: kuidulira, kuchotsa nthambi zouma, ndi kuitsitsa chidutswachidutswa ikakhala pakati pa nyumba. Kwa zaka zoposa 100 akhala akulimbana ndi funso lomweli, ndipo yankho lake analipeza movutikira, anzawo ambiri atataya miyoyo. Yankholo lagona pa chingwe, ndiponso pa chinthu chimene tonse timachidziwa koma sitichiganizira, chomwe ndi kukhulana kwa zinthu ziwiri zogundana. Kumvetsa mmene anthuwa amagwirira ntchito kungakuthandizeni kuona zimene zikusowa pamene wina akukwera mtengo pakhomo panu.

Kugwa sikupereka mpata

Munthu akagwa kuchokera pa mamita 10, amafika pansi pasanathe sekondi imodzi ndi theka, ali pa liwiro la makilomita pafupifupi 50 pa ola. N'chimodzimodzi kugundidwa ndi galimoto mumsewu wa m'tauni. Palibe dzanja lamphamvu limene lingagwire nthambi pa liwiro limeneli. Chotsatira chake ndi kuthyoka mafupa, kuvulala m'mutu, kukha magazi m'kati mwa mimba, kapena kuphwanyika msana kumene kumasiya munthu wakufa ziwalo moyo wake wonse.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa kwa mitundu yonse, ndipo oposa 80 pa 100 alionse ndi a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mu 1984, Dr Peter Barss analemba za chipatala cha Alotau ku Papua New Guinea, dera limene anthu amadalira kwambiri mitengo ya zipatso. Pa zaka 4, mwa anthu 100 alionse ogonekedwa chifukwa chovulala, 27 anali atagwa mumtengo. Ku United States, bungwe la CDC linawerenga anthu 1,285 amene anafa pa ntchito yosamalira mitengo kuyambira 1992 mpaka 2007. Mwa 100 alionse, 42 anaphedwa ndi chinthu chowagwera kapena kuwagunda, makamaka mtengo kapena nthambi, 34 anagwa, ndipo 14 anagwidwa ndi magetsi.

Timati tsiku lakufa nyani mitengo imaterera. Akatswiri okwera mitengo amavomereza kuti tsiku loterera limafikira aliyense, ngakhale waluso chotani. Chimene savomereza n'chakuti likhale tsiku lakufa. N'chifukwa chake lamulo lawo loyamba ndi lakuti wokwera akhale womangiriridwa kuyambira pamene phazi lachoka pansi mpaka pamene labwereranso.

Nzeru ya woweta ng'ombe

Aliyense amene anawetapo ng'ombe amadziwa kuti nkhunzi ikalusa simungalimbane nayo ndi manja okha. Koma mukakulunga chingwe chake pamtengo kawiri kapena katatu, ngakhale mwana akhoza kuchigwira. Mphamvu ya ng'ombeyo imathera pa kukhulana kwa chingwe ndi khungwa.

Katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Leonhard Euler, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1700. Kukulunga kulikonse sikungochotsako pang'ono pa mphamvu yofika m'dzanja lanu, koma kumaigawa. Tiyerekeze kuti kukulunga kumodzi kukugawa mphamvuyo kasanu. Ng'ombe ikakoka ndi mphamvu ya makilogalamu 250, kukulunga koyamba kusiya 50, kwachiwiri 10, kwachitatu makilogalamu 2 okha. Zipangizo zonse za wokwera mtengo zimagwira ntchito pa lamulo limeneli.

Wokwerayo amavala malamba okuta chiuno ndi ntchafu, otchedwa harness, amene amamukhazika ngati pampando. Sadzimanga chingwe m'mimba, chifukwa akagwa chingwe chotere chimafinya mimba ndi nthiti, ndipo akalendewera kupuma kumavuta. Malambawo amalumikizidwa ku chingwe ndi ngowe zachitsulo zodzitseka zokha, zotchedwa karabina. Pakati pa munthuyo ndi chingwe pamafunika chinthu chochita ntchito zitatu: chiyende momasuka pamene akukwera, chigwire chokha akasiya manja onse, ndipo chimulole kutsika pang'onopang'ono akafuna. Kukhulana kukachepa, munthu amagwa. Kukachuluka, amakanirira m'mwamba. Luso lonse lili pakati pa ziwirizi.

Mfundo yogwira ndi kutaya

Chinthu choyamba chimene chinatha kuchita ntchito zitatuzi ndi mfundo. Kachingwe kena kamakulungidwa kangapo pa chingwe chachikulu. Kakakhala kopanda katundu, mukhoza kukasuntha ndi dzanja. Munthu akangokhalira, mikulungo ija imafinya chingwe n'kugwira nganganga.

Yodziwika kwambiri ndi mfundo ya Prusik, imene inatenga dzina la Karl Prusik, wokwera mapiri wa ku Austria amene anaifalitsa mu 1931. Ku America, odulira mitengo anagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri mfundo yotchedwa taut-line, pa zingwe zolukidwa ndi ulusi wa zomera wonga khonje. Inali ndi zovuta zake. Nthawi zina inkalimba kwambiri, nthawi zina inkayenda pang'onopang'ono kulowera kunsonga ya chingwe, moti pankafunika kamfundo kena koitchinga kuti isamasuke. Mu 1994, Jason Blake anadziwitsa anzake a ntchitoyi mfundo ina ya mikulungo 4 imene siyendayenda chotero. Lero imatchedwa ndi dzina lake, ngakhale kuti Heinz Prohaska wa ku Austria anali ataifotokoza kale mu 1981.

Kenaka okwera anazindikira kuti mbali ya chingwe imene imapanga mfundo ndi imene imatha msanga. M'malo modula chingwe chachitali nthawi ndi nthawi, anayamba kugwiritsa ntchito kachingwe kapadera, kafupi ndi kocheperako kunenepa, kawirikawiri ka mamilimita 8 mpaka 10 pa chingwe cha mamilimita 11 mpaka 13. Kakaperepeseka amangokasintha. Ndi kachingwe kameneka amamanga mfundo monga Distel ndi Valdotain, zimene zimamasuka mosavuta. Pansi pa mfundoyo amaika kagudumu kakang'ono kodutsamo chingwe, kotchedwa pulley, kamene kamakankha mfundo m'mwamba wokwera akakoka chingwe ndi dzanja limodzi.

Mfundo iliyonse imagwira mosiyana malinga ndi chingwe, kulemera kwa munthu, ndiponso ngati chingwe chanyowa kapena chapakika utomoni. Mkulungo umodzi wokha ukasowa, mfundo imene inagwira dzulo ikhoza kuterereka lero. N'chifukwa chake katswiri aliyense, asanakwere, amayamba walendewera pafupi ndi pansi kuti aone ngati mfundo yake ikugwira ndi kutaya mmene akufunira.

Njira ziwiri zokwerera

Chingwe chimayamba kufika m'mwamba, munthu pambuyo. Wokwera amaponya kathumba kolemera magalamu 250 mpaka 400, komangidwa ku kachingwe kopyapyala, kuti kadutse pamphanda yolimba. Kathumbako kakatsika mbali ina, amakokera chingwe chachikulu pamphandapo. Kuchokera apa pali njira ziwiri.

Yoyamba ndi ya chingwe choyenda, ndipo ndi yakale. Chingwe chimadutsa pamphanda n'kubwerera. Nsonga imodzi imamangidwa pa malamba a wokwera, ndipo mfundo ija imagwira mbali inayo. Munthu amadzikoka yekha ngati mmene timatungira madzi pachitsime cha kagudumu. Popeza mbali ziwiri za chingwe zimagawana kulemera kwake, mfundo imanyamula pafupifupi theka lokha, ndipo imamasuka bwino potsika. Vuto lake n'lakuti kuti akwere mita imodzi ayenera kukoka mamita 2 a chingwe. Komanso chingwe chikamayenda chimakhula nthambi iliyonse imene chadutsapo, ndipo kukoka kumalemera.

Yachiwiri ndi ya chingwe choima. Chingwe chimamangidwa m'mwamba kapena patsinde la mtengo, ndipo sichiyenda. Munthu ndiye amayenda pachingwepo, akuponda ndi miyendo mothandizidwa ndi tizitsulo ta mano togwira chingwe, tomangidwa kuphazi ndi pabondo. Njirayi inachokera kwa ofufuza mapanga akuya. Mu 1978, Donald Perry anafotokoza mmene anaigwiritsira ntchito pofika pamwamba pa mitengo ya m'nkhalango za ku Costa Rica. Mu 2006, Stephen Sillett anakwera ndi zingwe mtengo wotchedwa Hyperion ku California, wautali kuposa mitengo yonse yodziwika padziko, n'kutsitsa tepi yoyezera kuchokera kunsonga. Unapezeka kuti ndi wopitirira mamita 115.

Ubwino wa chingwe choima ndi wakuti miyendo, imene ili ndi minofu ikuluikulu, ndiyo imagwira ntchito. Zimenezi zimapulumutsa mapewa, zigongono ndi mikono, zomwe zimatha msanga mwa anthu amene amadzikoka ndi manja zaka zambiri. Koma pali vuto limodzi lalikulu. Pa chingwe chimodzi mfundo imanyamula kulemera konse kwa munthu. Imafinya kwambiri mpaka kukana kumasuka, ndipo ikamasuka imatha kutaya mwadzidzidzi. Kwa zaka zambiri odulira mitengo ankakwera ndi njirayi, koma akafika m'mwamba ankasinthira ku chingwe choyenda kuti agwire ntchito.

Zitsulo zothandiza mfundo

Cha m'ma 2010, Kevin Bingham, wodulira mitengo wa mumzinda wa Detroit, anatulukira kachitsulo kotchedwa Rope Wrench. Kamaikidwa pamwamba pa mfundo. Munthu akakhalira chingwe, kachitsuloko kamapendekera n'kupinda chingwecho, ndipo kupindikako kumatenga gawo la kulemera kwake. Mfundo imatsala ndi katundu wochepa, wofanana ndi wa pa chingwe choyenda, ndipo imayambanso kumvera dzanja. Kachitsuloko pakokha sikangagwire munthu. Ntchito yake ndi kugawana kukhulana ndi mfundo basi.

Opanga ena anachotseratu mfundo ya chingwe. Mu 2013, kampani ya Petzl ya ku France inatulutsa chipangizo chotchedwa ZigZag, chokhala ndi tizitsulo tolumikizana ngati tcheni cha njinga. Munthu akakhalira, tizitsuloto timatambasuka n'kupindapinda chingwe mpaka kuchigwira. Akatipanikiza ndi chala kuchokera pamwamba, timakhwefula ndipo iye amatsika. Palinso zina monga Rope Runner ndi Unicender. Ubwino wa zitsulo ndi wakuti zimagwira mofanana tsiku lililonse, ndipo palibe mkulungo woti munthu aiwale.

Komabe chitsulo si chinthu chongokhulupirira m'chimbulimbuli. Chilichonse chinapangidwira chingwe cha kunenepa kwakutikwakuti. ZigZag, mwachitsanzo, imafuna chingwe cha mamilimita 11.5 mpaka 13, ndipo pa chingwe chopyapyala kuposa apa singadaliridwe. Zitsulo zimaperepeseka, mchenga umalowa m'malo olumikizira, ndipo nthambi ikapanikiza chipangizo kuchokera pamwamba ikhoza kuchimasula mwini wake asakufuna. M'chaka chomwecho cha 2013, kampani ya Petzl inaitanitsa ma ZigZag oyambirira kuti abwezedwe, pambuyo pa ngozi ya ku Germany imene bowo lokolekamo chingwe linathyoka. Chipangizocho chinakonzedwanso, koma phunziro linatsala: chida chilichonse chiyenera kuyang'anidwa tsiku lililonse musanachipatse moyo wanu.

Kutentha kumadya chingwe

Pakani manja anu mwamphamvu, mumva kutentha. Kukhulana kulikonse kumabala kutentha. Munthu wa makilogalamu 80 akatsika mamita 20, kutentha kotuluka ndi kokwana kufunditsa kapu ya madzi ozizira. Kukuoneka kochepa, koma konseko kumasonkhana pa kamalo kosakwana chikhatho, pamene mfundo yagwira chingwe. Akatsika pang'onopang'ono, kutenthako kumabalalika. Akatsika mothamanga, ulusi wa pamwamba umasungunuka n'kuuma ngati galasi, ndipo mfundo yotero imaterera.

Apa mpamene mtundu wa ulusi umafunikira. Zingwe zokwerera mitengo zimapangidwa ndi polyester ndi nayiloni, zimene zimasungunuka pa madigiri oposa 200. Tizingwe ta mfundo nthawi zambiri timasakanizidwa ndi ulusi wa aramid, umene umapirira mpaka madigiri pafupifupi 500. Koma chingwe chapulasitiki chija chimagulitsidwa m'misika ndi m'mashopu a zomangira, chimene timamangira katundu pa lole kapena kuyanikapo zovala, kawirikawiri ndi cha polypropylene. Chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 165, n'choterera moti mfundo sizikhazikika bwino, ndipo chikakhala padzuwa chimafumbwa osaonetsa msanga. Chingwe chimenechi si cholendewerapo munthu. Nacho cha khonje chimaola m'kati chikanyowa.

Malamulo a ntchitoyi ku America amafuna kuti chingwe chokwerera chikhale chotha kunyamula makilogalamu pafupifupi 2,450 chisanaduke, ndipo karabina makilogalamu pafupifupi 2,270. Mwina mungadabwe kuti n'chifukwa chiyani munthu mmodzi afunika chingwe chotha kunyamula galimoto. Chifukwa chake n'chakuti mfundo iliyonse imachepetsa mphamvu ya chingwe, kukalamba kumachepetsanso, ndipo munthu akagwa ngakhale mita imodzi chingwe chisanakungike, mphamvu yodzidzimutsa imaposa kulemera kwake kangapo. N'chifukwa chake wokwera salola chingwe chake kukhala chokhwepa, ndipo sakwera kupitirira pamene chakolekedwa.

Nthambi imene yanyamula zonse

Chingwe chabwino chokolekedwa pa nthambi yofumbwa n'chopanda ntchito. Katswiri amazungulira mtengo wonse asanakwere. Amayang'ana bowa patsinde, ming'alu, mphako, dothi la chiswe, mizu yotukuka, nthambi zothyoka zimene zakodwa m'mwamba, ndiponso njuchi ndi mavu. Chingwe amachikoleka pamphanda yamoyo, chitazungulira thunthu kapena nthambi yaikulu, osati kunsonga ya nthambi yopita m'mbali. Kenaka amachiyesa ali pansi, nthawi zina anthu awiri kulendewerapo pamodzi. Mitengo imasiyananso. Mapeyala ndi osachedwa kuthyoka, ndipo mitundu ina ya bulugamu imadziwika ndi kugwetsa nthambi zazikulu mosachenjeza.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Chingwe chikamangidwa patsinde, n'kudutsa pamphanda, n'kutsikira kwa wokwera, mphandayo imakokedwa ndi mbali zonse ziwiri. Munthu wa makilogalamu 80 akhoza kuika pa mphandayo katundu wofika pafupifupi makilogalamu 160. Ubwino wa kumanga patsinde ndi wakuti, ngati zakonzedwa bwino, mnzake wa pansi angathe kumutsitsa atavulala popanda kukwera. Koma mphanda iyenera kukhala yolimba kawiri.

Kukhulana kumavulazanso mtengo. Pansi pa khungwa pali kachikopa kanthete kamene mtengo umakulira, ndipo chingwe choyenda chimakapsereza. Pofuna kuteteza mtengo ndi chingwe chomwe, okwera amakoleka pamphanda lamba wa mphete ziwiri zachitsulo, ndipo chingwe chimayenda m'mphetezo. Zitsulo zosongoka zovala kumapazi amazigwiritsa ntchito pa mtengo wokha umene ukugwetsedwa, chifukwa mabala ake amalowetsa matenda.

Nzeru ya woweta ng'ombe ija imabweranso potsitsa nthambi zolemera. Nthambi imamangidwa ndi chingwe china, osati chimene chanyamula munthu. Chingwecho chimadutsa pa kagudumu m'mwamba n'kutsikira patsinde, pomwe chimakulungidwa pa kampope kachitsulo konga kotchedwa Port-a-Wrap. Wa pansi amasankha mikulungo malinga ndi kulemera kwa nthambi. Nthambi ikadulidwa amailola kutsika pang'ono n'kuiimitsa mofatsa, chifukwa kuiimitsa mwadzidzidzi kumagwedeza mtengo wonse ndi munthu amene ali mmenemo. Chingwe chotere sachikulunga padzanja.

Malamulo obadwa m'misozi

Mayi Ethel Hugg a ku Johnstown, m'chigawo cha New York, anataya mwana wawo wamwamuna pa ntchito yodulira mitengo. Sanakhale chete. Analembera akuluakulu a boma ndi mabungwe oona za chitetezo mpaka mu 1968 panakhazikitsidwa komiti yolemba malamulo a ntchitoyi. Malamulowo, otchedwa Z133, anavomerezedwa mu 1972 ndipo akhala akukonzedwa mpaka lero. Limodzi mwa iwo limati wogwiritsa ntchito macheka a injini mumtengo akhale womangiriridwa pawiri, pa chingwe chake ndi pa lamba wamfupi wozungulira thunthu, popeza macheka amadula chingwe chokungika m'kuphethira kwa diso. Lina limati munthu amene sanaphunzire za magetsi asayandikire mawaya kuposa mamita 3.

Ku Britain, lamulo limafuna kuti zida zonyamula munthu ziyesedwe ndi wodziwa miyezi 6 iliyonse, ndipo kuyambira cha mu 2020 malangizo a ntchitoyi amafuna kuti wokwera akhale ndi zingwe ziwiri zosadalirana. Sakweranso yekha. Pansi pamayenera kukhala wina wodziwa kukwera, zida zili pafupi. Chifukwa chake ndi cha thupi la munthu. Wokomoka akalendewera m'malamba mutu uli m'mwamba, magazi amadzadza m'miyendo, ochepa okha amafika ku ubongo, ndipo mutu ukagwa kutsogolo njira ya mpweya imatha kutsekeka. Mphindi zochepa zikhoza kusiyanitsa moyo ndi imfa. Pa mpikisano wa okwera mitengo umene bungwe la International Society of Arboriculture linayambitsa mu 1976, gawo limodzi ndi la kupulumutsa mnzako wovulala mumtengo.

Nanga pakhomo panu?

Zida zimenezi n'zodula, ndipo palibe amene angaphunzire kukwera nazo powerenga magazini kapena poonera pafoni. Mfundo yomangidwa molakwika ndi yoopsa kuposa kusamanga, chifukwa imapatsa munthu mtima umene sayenera kukhala nawo. Koma nzeru zimene zili kuseri kwa zidazi ndi zaulere, ndipo mwini khomo ali ndi mphamvu zambiri, popeza ndi amene amavomereza ntchito ndi kulipira.

Choyamba, funsani ngati kukwera kukufunikadi. Nthambi zambiri zimadulika muli pansi, ndi macheka omangidwa kunsonga ya nsungwi yaitali. Mango ndi mapeyala amathyoleka ndi nsungwi ya ngowe. Auzeni ana zimenezi nyengo ya mango isanafike, ndipo nsungwiyo ikhalepo.

Chachiwiri, ngati mtengo wakhudza kapena wayandikira mawaya, musalole aliyense kuukwera kapena kuugunda ndi chitsulo. Kanenedweni ku ESCOM. Nthambi yaiwisi imadutsitsa magetsi.

Chachitatu, ngati pakufunika wokwera, mufunseni musanagwirizane. Adzimangirira ndi chiyani? Chingwecho n'chamtundu wanji, ndipo mungachione? Achikoleka pati? Nthambi azitsitsa bwanji? Abwera ndi ndani, ndipo atavulala m'mwamba amutsitsa bwanji? Ali ndi chipewa cholimba? Safunsa anadya phula. Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso otere. Ngati mtengo ndi waukulu ndipo uli pamwamba pa nyumba, funani anthu ophunzitsidwa amene ali ndi zida, ngakhale malipiro akwere.

Chachinayi, sankhani tsiku. Kusakhale mphepo, mvula kapena mabingu, ndipo makungwa akhale ouma. Ntchito iyambe m'mawa dzuwa lisanakule, wokwera atadya, atagona bwino, ndipo azimwa madzi pafupipafupi, chifukwa ludzu ndi kutopa zimafooketsa manja ndi maganizo omwe. Amene wamwa mowa asakwere. Musamufulumizitse. Ana, ziweto ndi ongoonerera akhale kutali ndi pansi pa mtengo, chifukwa chogwa kuchokera m'mwamba chimapha wa pansi ngati mmene kugwa kumaphera wa m'mwamba.

Wina akagwa

Musathamangire kumudzutsa kapena kumukhazika tsonga. Onani ngati akupuma, gwirani mutu wake ndi manja awiri kuti khosi lisatembenuke, ndipo tumani wina akafune thandizo. Pamene pakutuluka magazi panikizani ndi nsalu yoyera. Musamupatse madzi kapena chakudya, chifukwa mwina afunika opaleshoni. Ngati palibe ambulansi, anthu angapo amusunthire pa chitseko kapena thabwa lalikulu, mutu, khosi ndi msana zili pamzere umodzi, ndipo ayende chogona. Kumunyamula manja ndi miyendo kapena kumukweza pa njinga kungamalize msana umene unangosweka pang'ono.

Ngakhale atadzuka yekha n'kunena kuti ali bwino, mupite naye kuchipatala ngati wagwa kuchokera patali. Mutu wopweteka kwambiri, kusanza, kusinza, kusokonezeka, dzanzi m'manja kapena m'miyendo, ndi kupweteka m'mimba ndi zizindikiro zosayenera kudikira mawa. Magazi okha m'kati saoneka kunja.

Pomaliza, ganizirani za mitengo imene mukubzala chaka chino. Bulugamu ndi mitengo ina yaitali ikhale kutali ndi nyumba ndi mawaya. Mitengo ya zipatso muziidulira idakali yaing'ono kuti ikule motambalala, zipatso zizifikika ndi nsungwi. Nthambi imene mungaidule lero ndi kampeni mutaima pansi ndi yomweyo imene zaka 15 zikubwerazi idzafune kuti mwana wa munthu akwere mamita 10 kukaichotsa.